A Thamir ndi Mayina Makumi Atatu ndi Limodzi

A Thamir Falih a ku Amara anakhala msilikali zaka zisanu ndi chimodzi osawomberako munthu, ngakhale galu. Tsiku limene anawalemba usilikali, mkulu wa gulu lawo anaona mmene mnyamatayo analembera dzina lake papepala, zilembo zoongoka ngati zosindikiza, n'kunena kuti, "Iwe mfuti ingakuonongere dzanja. Khala apa." Basi, nkhondo ija yolimbana ndi Iran iwo anaimenya ndi cholembera. Ankalemba mayina a ofika ndi ochoka, ndipo akapeza mpata ankalembera makalata anzawo osadziwa kulemba. Ankadziwa amene anali ndi chibwenzi ku Basra, amene mayi ake ankadwala, amene ananamiza abambo ake kuti wakwezedwa udindo. Panalinso makalata ena amene ankalemba iwo omwe, aja opita kwa makolo pamodzi ndi bokosi. Amenewo sankawakamba.

Nkhondo itatha analowa ntchito mu ofesi ya oyendera, anthu aja amene boma limawatuma kukaona ngati zimene linalamula zikuchitikadi. Anakwatira Sabiha, mwana wa msodzi, n'kubereka ana aakazi atatu. Woyamba ndi Rusul, ndiye tauni yonse imawaitana kuti bambo a Rusul. Ndi munthu wamfupi, wa mimba yotsogola, woyenda ndi mafaelo m'jumbo chifukwa chikwama chimene ana anawagulira amati n'chokongola kwambiri, chingathe msanga. Ali ndi matenda a shuga, ndipo nkhondo imene amenyapo zenizeni pamoyo wawo ndi yolimbana ndi akazi awo pa nkhani ya shuga wa mu tiyi.

"Supuni imodzi yokha, mayi a Rusul."

"Theka."

"Theka ndi tiyi ameneyo kapena mankhwala a malungo?"

"Imwani. Mukufuna mundisiyire ana atatu osakwatiwa?"

Kuntchito ankadziwika ndi khalidwe limodzi lotopetsa: sankakhulupirira pepala. Akauzidwa kuti sukulu ili ndi mipope isanu ndi umodzi, ankaitsegula yonse, umodziumodzi, n'kuikapo chala kuti amve ngati ndi madzidi. Anzawo ankati, "Thamir ukamuuza kuti kwacha, amatuluka kukaona dzuwa."

Patapita zaka zambiri kunabuka nkhondo ina kumpoto, ku Mosul, ndipo asilikali ake atabwerera kwawo, kunayamba kumveka maliro osalongosoka. Munthu wadutsa m'moto, wabwera wamoyo, wakhala pakhomo chaka kapena ziwiri, kenako hema wa maliro waima pamsewu. Ukafunsa chadya munthu n'chiyani, achibale ankayang'ana pansi n'kuti, "Ngozi." Aliyense ankadziwa, koma panalibe wotchula. Boma linakhazikitsa komiti ku Baghdad, komitiyo n'kulamula kuti chipatala cha asilikali opuma chikhale ndi zinthu ziwiri: foni imene munthu wothedwa nzeru angaimbe, ndi buku la mayina a anthu amene dokotala akuwadera nkhawa, oti aziyenderedwa mwezi ndi mwezi. Patatha chaka panafunika munthu wokaona ngati zinachitika. Mu ofesi ya a Thamir aliyense anapeza chifukwa mwadzidzidzi. Uyu msana, uyo apongozi adwala. Faelo inagwera patebulo pawo.

Anafika kuchipatalako m'mawa, sabata ikuyamba kumene. Dokotala Luay, munthu wamtali wa maso ofiira ndi kutopa, anawalandira ndi tiyi wa masupuni atatu, amene a Thamir anamwa mwachangu ngati wakuba. Mapepala onse anali m'malo mwake. M'buku munali mayina makumi atatu ndi limodzi, ndipo dzina lililonse linachongedwa kakhumi ndi kawiri, kusonyeza kuti mwini wake anayenderedwa chaka chonse. Pakhoma la pakhonde panamatidwa chikalata chachikulu chokhala ndi chithunzi cha msilikali atagwira mutu, pansi pake nambala ya foni.

A Thamir anatulutsa foni yawo, n'kukweza magalasi pamphumi, n'kuyamba kudina.

"Mukuimbira ndani, bwana?" anafunsa dokotala.

"Nambala iyi."

"Aaa, imeneyo imagwira. Tinaiyesa tsiku loiika."

Inagwiradi. Inalira kumapeto kwa khonde, kuseri kwa chitseko chobiriwira chokhala ndi loko wamkulu ngati chibakera. Inalira, inalira. Amuna amene anali pabenchi kudikira mankhwala anatembenuka onse kuyang'ana chitsekocho, ndipo mmodzi wa ndodo anati, "Kani ndi imeneyo! Ife timayesa muli ziwanda."

Kiyi anali ndi mlonda, mlondayo n'kuti ali kutali ku Karbala. Anaitana wowotcherera zitsulo kudzadula loko. M'katimo munali mafani othyoka, mipando ya olumala yopanda mateyala, ndi foni ija ili pampando, fumbi lake loti ungalembepo dzina. Pakagalasi kake pankaoneka chiwerengero cha amene anaimba osayankhidwa: mazana awiri ndi khumi ndi anayi. A Thamir anakopera chiwerengerocho mufaelo, pang'onopang'ono.

Atabwerera mu ofesi, dokotala anatseka chitseko n'kukhala pansi ngati thumba. "Bambo a Rusul, lembani zonse, sindikukanizani. Koma mulembenso kuti ndili ndekha. Anthu mazana anayi, dokotala mmodzi, namwino mmodzi amene ndi yemwenso wogawa mankhwala. Foni anatipatsa, woiyankha sanatipatse. M'bukumo ndinachonga ndine, Lachinayi lapitali, nditamva kuti mukubwera."

A Thamir anamuyang'ana. Anali wa msinkhu wa Rusul wawo.

"Ndinaona, mwana wanga. Chaka chathunthu cholembera chimodzi, inki osasintha? Ukafuna kunamiza mlembi uzisinthako zolembera."

Dokotala anaseka pang'ono, kenako n'kubisa nkhope m'manja. Tsiku lomwelo foni anaisamutsira patebulo la namwino. A Thamir analemba lipoti lachilungamo, lotchula cholakwa ndi chimene chinachititsa, n'kulitumiza ku Baghdad. Kumeneko kunangoti zii.

Masiku amenewo kunyumba sankalankhula. Tsiku lina m'mawa Sabiha anawayang'anitsitsa akumwa tiyi.

"Mwadwala."

"Ayi."

"Ndathira theka ndipo simunadandaule. Mwadwala."

Anawafotokozera zonse, za chitseko, za fumbi, za anthu mazana awiri aja. "Lipoti ndinatumiza," anatero pomaliza. "Ntchito yanga yathera pomwepo."

"Wanena ndani? Buku likuti anthuwo anayenderedwa. Si inu aja mumatsegula mipope? Katseguleni."

A Thamir analembadi kalata yopempha kuti akatsimikize okha zimene zili m'bukumo, akuluakulu awo n'kuidinda osaiwerenga n'komwe. Anayamba ndi dzina loyamba, kutsika nawo mndandanda monga unalembedwera motsatira zilembo, makomo awiri kapena atatu patsiku, pa minibasi ndi pa njinga zamoto za mateyala atatu. Wina anamupeza akugulitsa mavwende, wonenepa bwino, akudabwa kuti dzina lake likufuna chiyani m'buku la odwala. Wina anali atasamukira ku Basra. Wina anakana kutsegula, n'kungolankhulira pazenera: "Boma landikumbukira? Mukaliuze ndili bwino." A Thamir anakhala pakhonde pake ola lathunthu akulankhula okha za mpira, mpaka munthuyo analephera kupirira zimene ankanena za timu yake, n'kutulutsa mutu kuti awatsutse. Pakhomo lililonse panali tiyi, ndipo shuga wawo anakwera mpaka Sabiha anayamba kuwanunkhiza mkamwa akafika.

Dzina lakhumi ndi chisanu ndi chinayi linali Mezher Jabbar, wa kuseri kwa msika wa nsomba. Anatsegula chitseko ndi mlongo wake wamkulu, Hashmiya, mayi wamasiye amene ankamusunga.

"Ali padenga ndi nkhunda zake," anatero. "Zotsalazo."

"Zotsala bwanji, chemwali?"

"Wayamba kugawa. Munthu amene sankalola ngakhale ine kukhudza khola! Dzulo wapatsa aneba zisanu ndi imodzi. Jekete yake yabwino wapatsa alamu ake. Ndiye ine ndimati mwina mtima wafewa, Mulungu wamukhudza."

Mawu amenewo anawakumbutsa a Thamir zakale. Kunkhondo kuja anali ndi mnzawo dzina lake Naji, amene tsiku lina anabwera kuhema wa alembi n'kuwapatsa wotchi ndi bulangete lake. "Sunga," anatero, "ine zikundilemera." Iwo anathokoza, n'kusangalala ndi wotchiyo. Usiku womwewo Naji anadzipha. Mawa lake a Thamir analemba kalata yopita kwa makolo a Naji, ndipo mkulu wa gulu anawalamula kuti alembe kuti wafera kunkhondo. Wotchiyo inali idakali m'kabati, sanaivalepo.

Makwerero opita padenga anali achitsulo, oima njo. A Thamir analuma jumbo yawo ndi mano n'kuyamba kukwera, akutchula dzina la Mulungu pa sitepe iliyonse. Pamwamba anapeza mwamuna wowonda wa zaka pafupifupi makumi anayi, ndevu zosameta, atanjuta pafupi ndi khola. Kunkhondo ntchito yake inali yozula mabomba okwirira.

"Mtendere ukhale nanu."

"Nanunso, madala. Mwabwera kudzatenga nkhunda? Sankhani."

"Ine nkhunda ndimaziopa. Ndine wa boma."

"Boma lakwera makwerero? Lero kugwa mvula. Imani mbali ino, khutu ilo ndinalisiya ku Mosul."

A Thamir anazungulira, akupumira m'mwamba, n'kutsegula faelo. "Buku likuti anakuyenderani kakhumi ndi kawiri."

"Ngati buku latero, ine ndine ndani? Paja kuno amati woweta nkhunda ndi wabodza, mawu ake ngakhale kukhoti sawalandira."

Nthawi yomweyo nkhunda ina yodutsa inagwetsa chitosi pakati penipeni pa pepala. Mezher anasuzumira, milomo n'kugwedezeka pang'ono. "Yasaina," anatero.

Pachikalata cha komiti, chimene a Thamir anachiwerenga katatu, panalembedwa kuti munthu wotere umufunse molunjika, osazungulira. Powerenga zinkaoneka zophweka. Anapukuta pepala lija ndi mpango nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira.

"Achimwene, ine ndine wamkulu kwa inu, ndiye mundikhululukire. Ndifunsa ndipo sindizungulira. Mukugawa nkhundazi, kodi mukuganiza zodzipha?"

Mezher anatapa mapira m'chitini n'kuwamwaza. Mbalame zinatera, n'kumatola. Kumsika kunkamveka mawu a munthu woitanira malonda a nsomba.

"Palibe anandifunsapo zimenezo," anatero osawayang'ana.

"Ndikufunsa ine."

"Ndimati zikatha nkhunda."

"Zatsala zingati?"

"Khumi ndi imodzi."

A Thamir anakhala pa njerwa imene inali pamenepo. Sanamuuze kuti ndi tchimo, poti ankadziwa kuti munthuyo akudziwa kale. Sanamuuzenso kuti alimbe mtima ngati mwamuna, poti munthu amene wazula mabomba ndi manja sungamuphunzitse kulimba mtima. M'malo mwake anamuuza za Naji, za wotchi, ndi za bodza limene analemba ndi dzanja lawo lokongola lija. Aka kanali koyamba kuuza munthu, ngakhale Sabiha sankadziwa.

Mezher anamvetsera khutu labwino atalitchera. Kenako naye anayamba, mawu akutuluka modukaduka. Inali nyumba ya chitseko chachikasu, anatero. Anaifufuza yekha chipinda ndi chipinda, n'kutuluka kukauza anzake atatu kuti mwayera, lowani mupume. Analowa. Iye anatsala panja kuti asute fodya, bomba n'kuphulika m'katimo.

"Ndine ndinanena kuti mwayera, madala. Ndine. Mawu amenewo ndimawamva ngakhale ndi khutu lakufali."

Analankhula mpaka kumzikiti kunamveka kuitana kwa pemphero lamasana. Dzuwa linali litafika paliwombo, malaya a a Thamir atanyowa chonyowa.

"Ine si dokotala," anatero a Thamir. "Ndine mlembi chabe. Kuchotsa zimene zili m'mutu mwanumo sindidziwa. Koma pano sinditsika ndekha. Ndiponso sindingathe, makwerero anuwa akufuna wondigwirira. Mfuti ili kuti?"

"Pansi pa matiresi."

"Ikagone kwa alamu anu. Sindikuti mpaka kalekale. Mpaka mutu uzizire."

Mezher anatsogola kutsika, n'kumawaikira phazi pa sitepe iliyonse uku akuwanyogodola kuti boma ndi lolemera. Pansi, a Thamir anamufunsa ngati angauze mlongo wake, iye n'kugwedeza mutu movomera. Hashmiya analira mosatulutsa mawu. Kenako anakulunga mfutiyo munsalu, n'kuinyamula yekha ngati mwana wodwala kupita nayo kwa mng'ono wake, mkazi wa alamu aja. Masana omwewo a Thamir ndi Mezher anakwera njinga imodzi kupita kwa Dokotala Luay, amene anasiya chakudya chake patebulo n'kukhala ndi wodwalayo maola awiri.

A Thamir anabwerera kunyumba mtima uli m'malo, ndipo anapitiriza mndandanda ndi mphamvu zatsopano. Koma sabata yotsatira, atafika pa dzina lachitatu kuchokera kumapeto, la mnyamata wotchedwa Wisam, anapeza hema wa maliro ataima pamsewu. Linali tsiku lachiwiri la malirowo. Bambo ake a Wisam, nkhalamba ya ndevu zoyera, anawalandira monga mlendo aliyense n'kuti, "Ngozi." Ataona faelo m'jumbo muja n'kumva chimene abwerera, anawagwira mkono mwamphamvu.

"Mukanabwera Lolemba," anatero motsitsa.

Tsiku limenelo a Thamir sanadye. Anakhala pabwalo la nyumba yawo akuyang'ana khoma, Sabiha n'kudzakhala pambali pawo atanyamula nyemba zoti asankhe.

"Simunamuphe ndinu, bambo a Rusul."

"Ndikudziwa. Koma ndinatsata zilembo ngati mwana wa sukulu. Ndikanamufunsa dokotala kuti ndiyambire ndani, akanandiuza."

Sabiha sanatsutse, poti zinali zoona. Anangosendera pafupi mpaka mapewa awo anagundana, n'kupitiriza kusankha nyemba. Mu lipoti lachiwiri a Thamir analembamo cholakwa chawocho poyera, pandime yakeyake. Mnzawo wa mu ofesi anawalangiza kuti achichotse. "Woyendera amalemba za ena, akulu, osati zake." Iwo anachisiya momwemo.

Mwina n'chifukwa cha ndime imeneyo kuti anawaitana ku Baghdad. Anavala suti ya paukwati wawo imene inakana kumanga mabatani, ndipo kamodzi kokhako ananyamula chikwama cha ana chija. Anawalowetsa m'chipinda chozizira ngati cha nyama, chokhala ndi tebulo lalitali, n'kuwapatsa mphindi khumi. Zisanu zinathera kufunafuna magalasi, amene anali pamphumi. Mkulu wina wa ndevu zapamlomo zakuda bii anatopa n'kufunsa, "Kwenikweni mukufuna chiyani, bambo?"

"Zochepa, bwana. Foni ikhale ndi munthu. Buku lisamalembedwe motsatira zilembo, woyamba azikhala amene ali pafupi ndi phompho. Ndipo woyendera asamanene tsiku lobwera, chifukwa ukanena, ngakhale munthu wabwino amanama."

"Basi?"

"Ndiponso dokotala wachiwiri, bwana. Amene alipoyo ndi mwana wabwino, koma mutu umodzi susenza denga."

Anawathokoza n'kuwatulutsa. Patapita miyezi isanu ndi itatu kunabwera namwino wachiwiri, pamodzi ndi chilolezo choti asilikali opuma amene aphunzitsidwa aziyendera anzawo. Buku linalembedwanso mwatsopano. Dokotala wachiwiri mpaka lero akubwerabe.

Mezher sanachire tsiku limodzi. Kawiri konse anasiya kupita kuchipatala, ndipo ulendo wina anawakalipira a Thamir ali padenga, iwo ali pansi, kuti amusiye, si bambo ake. A Thamir anayankha kuti zoonadi, mwana wawo sakanakhala wopanda ulemu chotero, n'kukhala pakhomo ndi Hashmiya kumwa tiyi mpaka mwini wake anatsika. Nkhunda zimene anagawa zinabwerera zokha, monga mwa khalidwe la nkhunda, aneba n'kumadandaula kuti anawapatsa mphatso yachinyengo. Masiku ano Mezher ndi mmodzi mwa oyendera anzawo aja. Amati amatha ntchitoyo chifukwa anthu amafunika kumukuwira, ndipo munthu akayamba kukuwa amatulutsa zambiri.

A Thamir anapuma pantchito zaka ziwiri zapitazo. Ana awiri anakwatiwa, wotsiriza akuphunzira za unamwino. Ankayembekeza kuti akapuma azikhala phee, koma Lachisanu lililonse anthu akatuluka mumzikiti, pakhomo pawo pamadzaza nsapato. Amabwera Mezher, amabwera wa mavwende uja, amabwera wa pazenera uja amene mpaka pano sanawakhululukire pa nkhani ya mpira. Nthawi zina amabweranso bambo a Wisam, n'kukhala pakona osalankhula zambiri. Sabiha amaphika therere la nyama yankhosa ndi mpunga mumphika wa pamaukwati, uku akudandaula mokweza kuti aneba amve.

"Ine ndinakwatiwa ndi mlembi! Palibe anandiuza kuti ndizidzaphikira gulu lankhondo."

"Mayi, thererelitu lero lachepa mchere," amatero Mezher, mbale yachiwiri ili m'manja.

"Lachepa mchere? Bweretsa mbaleyo."

"Ayi, ndipirira."

Akatha kudya mkangano wa mpira umayamba, ndipo usanafike pakati a Thamir amakhala atagona kale chotsamira khoma, kukamwa kuli yasa, manja ali pamimba. Amuna aja amakodolana n'kutsitsa mawu. Mezher yekha, posadzimva, amapitiriza kukuwa za chigoli chimene woimbira anakana, mpaka Sabiha amatulukira ndi kansalu kopukutira mbale n'kumukwapula nako paphewa.